Mmene Anasesera a Kana ku Zilibwino

Mukafunsa munthu wa ku Zilibwino kuti kwawo kuli bwanji, amangokutchulirani dzina la dziko lake n'kupitiriza ulendo. Si mwano ayi. Anthu amenewa anaphunzira kalekale kuti yankho lalifupi limasunga mano m'kamwa. Ine ndimakhala tsidya lino la malire, choncho nkhaniyi ndiikamba ndi mawu onse amene ndinabadwa nawo, kuphatikizapo aja amene kumeneko anakhala oletsedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Nthawi imeneyo pampando panali Mfumu Sindilakwa Woyamba. Mfumuyi inabadwa mu Okutobala, mwezi umene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ndipo inalamula kuti dziko lonse lizibzala chimanga pa tsiku la kubadwa kwake, mvula igwe isagwe. Chimanga chinapsa zaka ziwiri zotsatizana. Chaka chachitatu mfumu inadzuka ndi mtima wabwino n'kulengeza Mwezi wa Tulani Zakukhosi.

"Ana anga," inatero pa wailesi, "ndikufuna ndimve zimene zili m'mitima mwanu. Lembani makalata. Dzudzulani nduna, dzudzulani misewu, dzudzulani ngakhale ine amene. Wonena zoona ndiye bwenzi la mpando uno."

M'misika ndi m'maofesi anaikamo mabokosi obiriwira. Sabata yoyamba m'mabokosimo munalowa abuluzi okha. Koma mfumu itabwereza pempho lake, mawu akunjenjemera ngati ikufuna kulira, anthu anagwidwa chisoni n'kuyamba kulemba.

Mmodzi mwa olembawo anali a Lapukeni Gwedeza, woyeza mvula wa boma. Anali bambo wamfupi, wofatsa, ndipo ntchito yawo inali kusuzumira m'chitini m'mawa uliwonse n'kulemba zimene apezamo. Anali atangokwatira kumene mtsikana wamtali wogulitsa zitumbuwa mumsika wa Tsekapakamwa, dzina lake Velina. Ukwati wawo unali ndi miyezi isanu ndi mkangano umodzi wokha, wa dzina la mwana woyamba, amene n'kuti asanayambe n'komwe ulendo wobwera. A Lapukeni ankafuna adzatchedwe Mawawa, chifukwa mvula yamawawa ndiyo imalowa pansi bwino. Velina ankati mwana wake sadzatchedwa dzina la kuntchito kwa munthu.

"Musalembe, abambo," anatero Velina atawaona akusongola pensulo. "Mfumu ikati dzudzulani, ndiye kuti yamikirani mokweza."

"Iwe, ine ndingolemba za mvula basi. Mvula ili ndi chipani?"

Analemba masamba awiri. Tsono a Lapukeni anali munthu wosataya pepala: ankalemba mpaka m'mphepete mwenimweni, ndipo mawu akapanda kukwana ankawadula pakati n'kuikapo kamzere. Tsamba loyamba linatha motere: "Ife alimi ndi oyeza mvula a dziko lino, pa nkhani ya lamulo lanu lobzala mu Okutobala, tikana-". Lachiwiri linapitiriza: "dikira mvula yeniyeni ya Disembala, chimanga sichikanapsa." Pini yolumikizira analibe. M'bokosi muja masambawo anasiyana, lililonse n'kulowera kwake.

Tsamba loyamba linagwera m'manja mwa a Ndamvachoncho, Nduna ya Zoona ndi Zina Zotero. Ndunayi inawerenga kawiri, inavala jekete mozondoka, n'kuthamangira ku bwalo la mfumu.

"Akana, Mwini Dziko! Akana poyera, alemba ndi dzanja lawo lomwe!"

Pepalalo linazungulira tebulo. Nduna ya Zaulimi, nkhalamba yovala magalasi omangirira ndi ulusi, inaliyandikiza kumaso.

"Nanga kamzere aka kali kumapetoku?"

"Izo ndi za ntchentche," anayankha a Ndamvachoncho. "Kapena inuyo mumadziwana nayo ntchentcheyo?"

Nkhalamba ija inakhala munthu wachiwiri pa mndandanda wa oti amangidwe.

Tsiku lomwelo a Ndamvachoncho anakhuthula mabokosi onse n'kuyamba kuwerenga ali ndi pensulo yofiira m'manja. Zimene anapeza zinawaimitsa mutu. Wina analemba kuti "mukanatifunsa", wina "zikanayenda bwino", wina "sitikanavutika chonchi". Pa makalata khumi alionse, asanu ndi anayi anali ndi timawu tomweto titabisala pakati pa mawu ena. Panalibenso chokayikitsa: m'dziko munali chipani chachinsinsi, gulu la a Kana, ndipo linali litalowerera mpaka m'kamwa mwa anthu osalakwa.

Mfumu inabwereranso pa wailesi, ulendo uno mawu osanjenjemera.

"Munthu wonena kuti zinthu zikanakhala mwakutimwakuti, ndiye kuti akukana zimene zilipo. Ndipo zimene zilipo ndine."

Umu ndi mmene kunayambira Kusesa Kwakukulu. Akatswiri owerengera a kunyumba yachifumu anapeza kuti pa anthu makumi awiri alionse mmodzi ndi Mkana, ndiye ofesi iliyonse, sukulu iliyonse, kwaya ndi timu ya mpira zinauzidwa kupereka wawo. Osesedwawo ankawatumiza ku Dambo la Uphunzire, kumene ankawongola maganizo awo potunga madzi mbali ino ya dambo n'kukawathira mbali inayo.

Ku positi ofesi ya ku Kwatopa kunali antchito khumi ndi asanu ndi anayi okha. Pofuna kuti chiwerengero chikwane anabwereka bambo wina amene anabwera kudzagula sitampa, ndipo poti anali mlendo, anamupatsa ulemu woti apite ndiye. Pa sukulu ina aphunzitsi anakhala pamsonkhano kuyambira m'mawa, aliyense atayang'ana nsapato zake, palibe wofuna kutchula mnzake. Dzuwa litapendeka mphunzitsi wa masamu, amene anali ndi chikhodzodzo chosapirira, anapempha kuti ataye madzi pang'ono. Pobwera anapeza anzake onse ataimirira, akumuombera m'manja.

Lamulo lachiwiri linaletsa timawu tija paliponse pamene tingabisale. Ana asukulu analeka kunena kuti kanayi, ankati katatu ndi kamodzi. Mabanja olephera sanathenso kulekana, ankangokhala nyumba imodzi osalankhulana, ndipo nduna inalengeza kuti maukwati alimba m'dziko. Makwaya oimba za ulendo wa ku Kanani anaitanidwa kupolisi, ndipo Lamlungu lotsatira onse anali pa ulendo wa ku Vomerani.

Anthu ochenjera anakumbukira kuti kumapiri amati tikadadziwa m'malo mwa tikanadziwa, ndipo kwa milungu itatu dziko lonse linalankhula ngati lobadwira kumapiri. A Ndamvachoncho atatulukira, analetsanso kada. Mlembi amene anatumidwa kukasaka a Kada anatsegula kaundula wa boma n'kupezamo mndandanda wokonzeka kale, wa akadaulo. Madokotala, omanga milatho, odziwa za nthaka, onse anakwera malole. Anatsala okhawo amene analumbira kuti sadziwa kanthu, ndipo ambiri mwa iwo sananame.

A Lapukeni anawatenga m'mawa, ali chisuzumire m'chitini chawo. Anangokwanitsa kuuza Velina kuti mulibe kanthu, kusonyeza chitinicho.

Patapita milungu iwiri, mesenjala wina wokalamba wa kunyumba yachifumu anafika mumsika ndi mtolo wa mapepala otayidwa, monga ankachitira nthawi zonse, kudzasinthitsa ndi zitumbuwa. Velina anasolola pepala limodzi kuti akulungire kasitomala, n'kuona malembedwe opanikizana ofika m'mphepete. Linali tsamba lachiwiri.

Anasiya mafuta pamoto n'kuyamba kuthamangira kunyumba yachifumu. Anamugwira dzanja ndi a Dzoole, mkulu wokhoma mbaula ndi zidebe pafupi ndi benchi yake.

"Mukuthamangira kuti, mlamu?"

"Onani, a Dzoole! Sanakane! Mawu aja akupitirira apa!"

A Dzoole anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere.

"Tawerengani mawu omalizawa. Chamumtima, chonde."

Velina anawerenga: sichikanapsa. Pepala lomwe likanamasula mwamuna wake linali ndi timawu tomwe tikanamanga iyeyo, ndipo mwamunayo sakanatulukabe. Anabwerera kunyumba akulira ndi ukali, n'kusokerera pepalalo m'kati mwa pilo.

Zaka zinayamba kuyenda, ndipo dziko lopanda akadaulo linachita zodabwitsa. Milatho inamangidwa m'mbali mwa mitsinje, poti kumeneko n'kouma ndipo ntchito imafulumira. Chitini cha a Lapukeni anachipereka kwa mlamu wake wa nduna, amene Okutobala aliyense ankathiramo madzi a m'ketulo n'kulengeza kuti mvula yagwa pa tsiku la mfumu. Malipoti a zokolola ankakula chaka ndi chaka mpaka anasowa kowasunga, ndiye anawasunga m'nkhokwe, momwe munali malo ambiri. Kenako zinafika zaka zimene mabuku a sukulu kumeneko amazitcha Zaka Zitatu za Thupi Lopepuka.

Apa ndileke kuseka pang'ono. Njala imeneyo inapha anthu ochuluka, ndipo anaikidwa m'manda popanda ndi mmodzi yemwe wololedwa kunena kuti sakanafa. Maliro otere amawawa kawiri, ndipo ine ndikawaganiza ndimakwiya mpaka lero.

Mumsika wa Tsekapakamwa anthu anapeza njira yawo. Pamalo pa timawu toletsedwa ankaikapo ujeni.

"Mvula iujenigwa, tiujenidya," ankatero mayi wogulitsa nyemba, akupeta nyemba zake zisanu ndi ziwiri.

"Muujenibadwira kwina, asisi, muujeninenepa," wogulitsa makala ankayankha.

Apolisi ankamva ndithu, koma lamulo silinatchule ujeni, ndiponso wapolisi wanjala amakhala ndi maujeni akeake.

Velina anapitiriza kukazinga, nthochi zikapezeka. Amuna angapo anamufunsira. Poti kukana kunali mlandu, ankangowauza mwaulemu kuti, "Ndavomera kuti muzipita." Chaka chilichonse ankalandira kalata yosindikizidwa kale yochokera ku Dambo la Uphunzire, yonena kuti "Ndili bwino, ndikuphunzira." Koma pakona pake, m'mphepete mwenimweni, pankakhala kanambala kolembedwa ndi pensulo. Inali mvula imene yagwa kudamboko chaka chimenecho. Akaona kanambalako ankadziwa kuti mwamuna wake ali moyo, ndipo kuti sanaphunzire zonse.

Pa chaka chakhumi ndi chisanu ndi chitatu Mfumu Sindilakwa Woyamba inamwalira, zimene boma linafotokoza kuti zinachitika mwa kufuna kwake. Pampando panakhala mwana wake, Sindilakwa Wachiwiri, munthu wokonda zikondwerero. Iyeyu anakulira m'nyumba yachifumu momwe timawu tija sitinkamveka ngakhale kukhitchini. Anaitanitsa nduna zake kuti zikonze Tsiku la Tsache, lokumbukira ntchito yaikulu ya bambo ake.

"Ndikufuna mawu amphamvu," inatero mfumu yatsopano. "Anthu amve mmene dziko lino li... mmene li... Mukundimva? Mmene lilili, koma lisali choncho. Popanda Kusesa."

Nduna zinayang'anana. A Ndamvachoncho, amene tsopano anali ndi imvi ndi mimba yoyenera udindo wawo, anayesa.

"Tinene kuti: popanda Kusesa, dziko lawonongeka."

"Lawonongeka? Dziko langa? Mwati chiyani?"

"Ayi, Mwini Dziko, lilime laterereka. Tinene kuti: popanda Kusesa, dziko lidzawonongeka."

"Oo," inatero mfumu, maso akuwala. "Ndiye kuti tisesenso?"

Nduna iliyonse inayamba kuwerenga anzake chamumtima, ndipo zonse zinapeza yankho limodzi: zinalipo makumi awiri ndendende. Palibe inatuluka kukataya madzi tsiku limenelo.

Asanadye chamasana anagwirizana onse, mwachangu chimene bwalolo linali lisanaonepo, kuti mawu akuti kana pamodzi ndi mng'ono wake kada aphunzira mokwanira ndipo akhululukidwe.

Pa Tsiku la Tsache mawu awiriwo anawalemba pa chikwangwani, n'kuwakweza pa lole yokongoletsedwa ndi masamba a nthochi, bandi ya apolisi ili patsogolo. Anawazunguliza mzinda wonse n'kuwatsitsira mumsika wa Tsekapakamwa, kumene anamanga nsanja pakati pa ogulitsa makala ndi ogulitsa nyemba. Mfumu inakhala pamthunzi. A Ndamvachoncho anaima pa chimkuzamawu, anatsokomola, anayang'ana apolisi kuti atsimikize, n'kuyamba. Mawu oyamba anatuluka molira ngati chitseko cha dzimbiri.

"Anthu a ku Zilibwino! Pa... pakanapanda Kusesa, mukanaona zoopsa! Akadaulo aja akanamanga milatho pamwamba penipeni pa mitsinje, ndipo inu mukanaiwala kusambira!"

"Mayo ine," anatero wogulitsa makala.

"Madokotala akanadzaza m'zipatala, ndipo inu mukanazolowera kuchira! Mukanabzala mu Disembala ngati anthu opanda mfumu! Nkhokwe zikanadzaza mpaka kudenga, ndipo mukudziwa chimene chikanatsatira? Makoswe! Makoswe onenepa, m'nyumba iliyonse!"

"Makoswe ngoopsa ndithu," anavomereza mayi wa nyemba. "Makamaka ootcha."

"Ana anu akanadya katatu pa tsiku, zovala zikanawathina! Nyuzipepala zikanalemba zinthu zosiyanasiyana, inu osadziwa yoti mukhulupirire! Aliyense akanakhala ndi maganizo akeake, mitu ikanakuwawani!"

"Pitirizani, bwana!" wina anafuula kumbuyo. "Tiopsezeni bwinobwino!"

Nduna inapitiriza kwa ola lathunthu, ndipo msika sunamvetserepo munthu chomwecho. Anthu anaima kukamwa kuli yasa, akuonerera dziko limene anapulumutsidwako. Amayi ena ankalira osabisa. A Ndamvachoncho ataona misoziyo anakhudzidwa kwambiri, ndipo anauza mfumu kuti ndi misozi yothokoza.

Atangotsika pansanja, msika wonse unaphulika. Aliyense anali ndi mawu amene anawasunga zaka zonsezo. Uyu akuti mlongo wake akanakhala namwino, uyo akuti bambo ake akanaona zidzukulu, wina akuti njanji ikanafika kwawo. Wogulitsa makala analumbira kuti Zilibwino ikanakhala ndi fakitale ya njinga ndi ndege zake ziwiri.

A Dzoole okha ndiwo anapitiriza kukhoma chidebe.

"Milatho mukanakhala nayo, sindikutsutsa," anatero. "Njala ija, mwina theka lake. Koma musawasandutse angelo chifukwa choti anakwera lole. Mphunzitsi wa masamu uja ndi msuweni wanga. Akanatuluka wina kukataya madzi, iyenso akanaomba m'manja, mwinanso mokweza kuposa onse. Tsache likanangogwidwa ndi dzanja lina."

"Ndiye mukuti palibe chikanasintha, madala?"

"Chikanasintha. Tikanakhala ndi wina wotiuza kuti m'chitini mulibe madzi. Zinazo sindikudziwa, ine ndimakhoma zidebe."

Velina sanalowe nawo mkanganowo. Anapukuta manja pachitenje, anadutsa pakati pa apolisi amene anali otanganidwa ndi maujeni awo omasulidwa, n'kukagwada patsogolo pa mfumu.

"Mwini Dziko, mawu abwera, tawaona, anenepa bwino. Nanga pakamwa pamene anatulukira mawuwo pabwera liti?"

Mfumu inatembenukira kwa nduna yake modabwa.

"Anthu aja akadali kudambo?"

"Palibe analamula kuti aleke kuphunzira, Mwini Dziko."

Poti linali tsiku lachikondwerero ndipo anthu ankayang'ana, mfumu inakhazikitsa pomwepo Komiti Yofufuza Tsache. Komitiyo inakhala miyezi itatu, inadya mbuzi makumi anayi, n'kutulutsa chigamulo chimene ana asukulu amaloweza mpaka pano: tsache silinalakwe, linangotalika. Anthu zikwi makumi asanu anasesedwa mwangozi, ndipo amene akadali moyo abwerere kwawo ndi satifiketi. Koma kuti Kusesa kukhalebe kolondola pankafunika Mkana weniweni, ngakhale mmodzi, woti atsale. Komiti sinavutike kumupeza. Inasankha amene anayamba, amene anakana polemba ndi dzanja lake, Lapukeni Gwedeza.

Malole anayamba kubwera. Anatsika madokotala onjenjemera manja, omanga milatho osaona bwino, ndi bambo uja wa sitampa, amene anafunsa ngati positi ofesi ikadali yotsegula. Velina anaima pamsewu masiku asanu ndi limodzi akuyang'ana nkhope iliyonse. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anamva chigamulo chonse pa wailesi ya a Dzoole. Sanalire. Analowa m'nyumba, anatenga pilo, n'kuyamba ulendo wa kunyumba yachifumu.

Alonda a pachipata anaganiza kuti wabwera kudzagona pakhomo mpaka amumvere, ndipo poopa manyazi anamulowetsa msanga. Anapeza mfumu ili ndi nduna zake. Anagwada, anaomba m'manja, anang'amba pilo ndi mano, n'kutulutsa pepala lachikasu lokhala ndi dontho la mafuta pakona.

"Ndikupempha tsamba lija la mwamuna wanga libwere pano, Mwini Dziko. Ndabweretsa mnzake."

Tsamba loyamba linkasungidwa m'bokosi lagalasi ngati chuma cha dziko. Analibweretsa asilikali awiri. Velina anaika masambawo moyandikana, ndipo mfumu inawerenga mokweza, chala chikudumpha kuchoka pa tsamba lina kupita pa linzake.

"Tikana... dikira. Tikanadikira mvula yeniyeni ya Disembala, chimanga sichikanapsa." Inaloza kumapeto kwa tsamba loyamba. "A Ndamvachoncho, nanga kamzere aka?"

"Ntchentche, Mwini Dziko," inatero nduna, koma mawu anatuluka aang'ono.

"Ntchentche yophunzira bwanji."

Nduna inaona kuti pansi payamba kuterera, ndipo inagwira nthambi yokhayo imene inatsala.

"Mwini Dziko, taganizani bwino. Uyu akatuluka, ndiye kuti palibe anakana. Ngati palibe anakana, ndiye kuti Kusesa kunali kwachabe. Ngati kunali kwachabe, ndiye kuti bambo anu, Sindilakwa Woyamba, ana..." Sinamalize. Mawu amenewo analibe lamulo lowaletsa, koma aliyense ankadziwa kulemera kwake.

Nkhope ya mfumu inagwa. Inakankhira tsamba lachiwiri kwa Velina.

"Pepani, mayi. Mwaona nokha. Pafunika wina woti anakana."

"Alipo, Mwini Dziko," anatero Velina. "Ine sindinanene kuti palibe. Tawerengani tsamba loyambalo palokha, lachiwirili ndalichotsa."

Mfumu inawerenga. "Pa nkhani ya lamulo lanu lobzala mu Okutobala, tikana."

"Mwamva? Pamaso panu penipeni. Mwamuna wanga analemba kalata yathunthu yaulemu, ndipo wakhala akuphunzira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Koma tsamba ili linathawa mnzake m'bokosi, n'kubwera lokha kudzanyoza bambo anu. Chikhalirecho lakhala m'galasi, pamthunzi, silinatungepo ndi chidebe chimodzi chomwe, ndipo mpaka lero likukanabe. Bambo anu sanalakwe, Mwini Dziko. Mkana analipodi. Kungoti anamangidwa ndi wolemba, wokanayo n'kutsala."

Nduna khumi ndi zisanu ndi zinayi zinaomba m'manja nthawi imodzi, chifukwa pepala silikhala pa mndandanda wa nduna. Mfumu inamwetulira ngati munthu amene wapeza nsapato yake yotayika. Inalamula kuti tsamba loyamba limangidwe pomwepo, lipite ku Dambo la Uphunzire pansi pa ulonda wa asilikali makumi anayi, ndipo lisatuluke mpaka litasintha maganizo.

"Ndipo pafunika mphunzitsi woti azikhala nalo," inawonjezera. "Munthu wolidziwa bwino. A Ndamvachoncho, inu ndi amene munaliwerenga poyamba."

Ndamva kuti a Ndamvachoncho ndi tsambalo ali komweko mpaka lero. M'mawa uliwonse amalitulutsa m'bokosi n'kulifunsa ngati lavomera, ndipo m'mawa uliwonse limawayankha chimodzimodzi.

A Lapukeni anafika Lachitatu masana, ali okha kumbuyo kwa lole yonse. Anatsika pang'onopang'ono, mutu uli mbuu, msana utapindika, mano atatsala owerengeka. M'khwapa anapanira chitini cha mkaka chodulidwa pakamwa. Anaima pabwalo akuyang'ana mayi wamtali wa imvi m'mbali amene anaima pakhomo.

"Moni, mayi," anatero.

"Mwachedwa, abambo."

"Eee. Kalata ija ndinaiwala pini."

Velina anaseka, kusekako n'kusanduka china, ndipo anathawira kukhitchini. Anabwerako ndi zitumbuwa zitatu zotentha, zokulungidwa m'tsamba lachiwiri lija, limene mfumu inamubwezera poti linalibe mlandu. Anakhala pakhonde. A Lapukeni anadya ndi mbali imodzi ya m'kamwa, akuyang'ana bwalo losesedwa bwino, lopanda ndi phazi limodzi lomwe la mwana.

"Mawawa a..." anayamba, n'kuima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, monga anazolowera kudambo.

"Malizani," anatero Velina. "Analoleza. Koma musadulenso pakati."

A Lapukeni anaimirira, anadziwongola mmene akanathera, n'kukweza dzanja mpaka paphewa pawo.

"Akanafika apa tsopano."

Velina anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako anaimirira, analigwira, n'kulikweza kupitirira mutu wa mwamuna wake.

"Apa," anatero. "Akanatengera kwathu. Kwanu ndinu aafupi."

Za dzina lija Velina sanatsutse.